Misozi ya abambo m'chigafa

Chaka chimene aphunzitsi a ku koleji anagwirizana kuti nzeru zanga zikufunika kwambiri kumudzi, ndinabwerera ku Nachisaka ndi chikwama chimodzi ndi Chingerezi chambiri. Matipate anali atakhazikika, alendo akutuluka ngati ngumbi: ena kudzatiphunzitsa ufulu, ena kusamba m'manja.

Wina anabwera kudzatiphunzitsa chisoni. Anali Mmalawi mnzathu, wa ku Lilongwe, koma atakhala kunja zaka ziwiri analeka kupesa tsitsi, ndiye anali katswiri wa zaluso. Ananyamula kamera yosadya filimu ndi kompyuta yopinda ngati buku, imene ankaiyamwitsa ku batire ya galimoto. Ntchito yake inali kutola nkhope za alimi a fodya, kuzilowetsa m'makinamo, kuzipaka mitundu, kuti azungu akaone za mumtima mwa mmphawi. Ine anandilemba umasuliri. Chichewa ankachidziwa, chinkangomulemera pakamwa.

Abambo anali asanajambulitsepo chibadwire. Ankafuna chithunzi chimodzi chokha, choti akadzapita adzukulu adzaone kuti agogo awo anali munthu. Ndipo kwathu kujambulitsa kuli ndi malamulo ake. Umasamba, umadzola, umabwereka jekete ya aphunzitsi opuma imene yajambulitsa mudzi wonse, umakumbatira wailesi ngakhale ilibe mabatire, nkuima njo. Kuseka ayi. Kulira ndiye usayerekeze.

Katswiri atawaona abambo atatchena chomwecho anagwira mutu.

"Auzeni madalawa avule. Ndikufuna choonadi."

"Akuti chiyani, iwe?" anandifunsa abambo.

"Akuti jekete ikubisa choonadi."

"Choonadi chake chiti? Ndine wakuba ine?"

"Akufuna muoneke wovutika."

"Ndivutike chaka chonse, pa chithunzinso ndivutike? Auze ajambule, dzuwa likundiwotcha. Jekete akuidikira anzanga."

Anajambula, monyinyirika, ngati munthu womwetsedwa mankhwala a malungo. Abambo anabweza jekete, navala malaya awo ong'ambika pamsana, nalowa m'chigafa kukasankha fodya. Aliyense amene anagwirapo fodya wouma akudziwa zimene fumbi lake limachita: mphuno kuyabwa, maso kufiira, misozi chuchuchu. Katswiri sankadziwa. Anasuzumira, naona nkhalamba ikugwetsa misozi pa masamba, nanong'ona mawu a Chingerezi amene ngakhale ku koleji sitinafikepo. Kamera inalira kasanu.

Ine ndinaona zonse. Ndikanatha kunena kuti ndi fumbi chabe. Koma munthu wophunzira sasokoneza zaluso, ndiponso anali atandilonjeza kuti andilola kugwira kompyuta.

Mawa lake anaitana anthu pansi pa mtengo wa mango kuti adzaone ntchito ya manja ake. Pagalasi la kompyuta panatuluka nkhope ya abambo, yabuluu ngati wamizidwa pa dambo, misozi ataiwalitsa, kumbuyo kuli timizere tothwanima. Amayi ena anayamba kulira maliro. Achimwene a abambo anaseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, mwalirira chiyani? Fodya wakukanani?"

Abambo anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Chajekete chija chili kuti?"

Ndinamasulira, ngakhale panalibe chomasulira. Katswiri anafotokoza mofatsa, ngati kwa ana a sukulu ya mkaka, kuti makinawo malo ake ndi ochepa, ndiye anafufuta zithunzi zopanda mzimu. Batani limodzi, basi.

"Auze anditulutsemo," anatero abambo.

Sanawatulutse. Anati luso likabadwa silikhalanso la mwini nkhope, napinda kompyuta yake, nakwera galimoto. Kuigwira sindinaigwire.

Abambo sanaimenso pamaso pa kamera ya munthu aliyense. Wojambula wa panjinga wa ku Chezi akafika, iwo ankatenga khasu. Anamwalira mvula yachiwiri itagwa, ndipo adzukulu akandifunsa nkhope yawo ndimaloza yanga, ndi kuwauza kuti achotseko Chingerezi. Kwinakwake kozizira, pakhoma loyera, ndikhulupirira anthu ovala bwino amaima mwakachetechete, kumvera chisoni munthu amene ankafuna kuyetsemula.