Mmene Alangizi Anaphera Gogodela ya Bambo Anga

Mfuti ya bambo anga inali gogodela, yothira wonga kukamwa, mpope wake wautali ngati munsi. Anabwera nayo paphewa kuchokera ku Mozambiki, pamodzi ndi nyanga ya ng'ombe yodzaza wonga wa asilikali a Chipwitikizi, wakuda bii, wonunkha ngati dzira lovunda. Ukawomba, utsi unkatseka munda wonse, anyani a m'phiri osatsikanso sabata yathunthu. Kuno kwa Nazombe panalibe wodziwa kuyeza wonga pachikhatho kuposa ine. Kafunseni amene adakali moyo.

Koma chinthu chotapa chimatha. Chaka chimene tinavotera zipani zambirimbiri chija, m'nyangamo munangotsala wowombera katatu, chimanga chitangoyamba kubereka.

Ndiye kunabwera alangizi a zaulimi atsopano ochokera kuchigawo chapakati, a njinga yamoto ndi nsapato zowala. Okonda mfuti koopsa, chikhalirecho sanaphepo ndi njiwa yomwe. Ankatolera zipolopolo zimene zinalowa kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, n'kumazitsegula, wongawo n'kumasunga m'kabotolo. Ati ndi masewera a azungu, anawerenga m'buku.

"Madala," anatero atafika pakhomo panga, "wonga wanu wonga makalawo ndi wa nthawi ya atsamunda. Zinthu zasintha. Uwu ndiye wonga wa nkhondo yeniyeni, ulibe ndi utsi womwe."

"Wopanda utsi, alangizi? Nanga nyani adziwa bwanji kuti wawomberedwa?"

"Mukuopa, eti? Ingonenani, sitikusekani."

Mawu amenewa anayankhula alamu anga awiri ali pomwepo, akusenda nzimbe. Ine kuopa! Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa mfuti. Kulakwa kwanga n'komweko, ndipo ndikulemba ndi dzanja langa kuti wina asadzandilembere.

Wonga wa alangiziwo ndinauyeza pachikhatho muyeso wa masiku onse, ndinathira, n'kutsendera. Timibulu take tinali ting'onoting'ono ngati mbewu ya fodya, moti ndinataona ngati topanda mphamvu.

"Perekani kuno ndiwombe ndekha," anatero alangizi, akukwinya mikono ya malaya.

Ndinakana. Bambo anga anandisiyira lamulo: wonga wachilendo sauyesera paphewa. Ndinamangirira mfuti kumtengo wa mango, pokhethemulira ndinamangapo luzi lalitali, tonse n'kubisala kuseri kwa nkhokwe. Alangizi anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mfuti kuimanga ngati mbuzi! Abale, kumudzi kuno tiona zinthu."

Ndinakoka luzi.

Kulira kumeneko sindinakumvepo chibadwire. Mango aawisi anagwa ngati matalala, nkhuku kubalalika mudzi wonse. Titasuzumira, mpope unali utang'ambika ngati khoko la nthochi, chogwirira chake chitagawika pawiri. Kachitsulo kena kanakaboola tayala la njinga yamoto ija. Eni ake tinakawapeza m'mizere ya nandolo atagona chafufumimba, nsapato imodzi palibe.

Atadzuka anasasa fumbi, anayang'ana zidutswazo ngati dokotala, n'kunena kuti, "Chitsulochi chinali chotopa kale."

Chotopa! Mfuti imene inadyetsa ana asanu ndi atatu! Akunena munthu amene nsagwada zake zikanakatoledwa kuseri kwa chimbudzi pakadapanda luzi langa. Zikomo sananene. Anakankha njinga yawo mpaka kumsewu, alamu anga akuwaperekeza ndi nsapato ija m'manja.

Anyani sanachedwe kumva uthenga. Pasanathe masiku anayi anatsika ndi akazi awo ndi ana kumsana. Ine, munthu wa imvi, ndinakhala dzinja lonse kumunda ndikumenya chitini. Nyani wamkulu ankakhala pachulu, chinsononkho m'manja, akutafuna molingana ndi kamenyedwe kanga.

Nthawi yokolola alangizi anabweranso kudzayendera minda. Anayang'ana mapesi anga opanda kanthu, anapukusa mutu, n'kundilangiza kuti chaka chamawa ndidzapalire msanga.

Ndinawauza mokweza, kuti ndi a tsidya la mtsinje omwe amve, kuti akamadutsa pakhomo panga asamazimitse injini.