Yankho Limene Sindinatsegule

Pulogalamu ija ndinailemba ndine, ndiye asandinamize munthu kuti mlandu unali wa netiweki. Mpaka lero alipo amene amanditonthoza choncho, ine zimangondipsetsa mtima.

Nditamaliza sukulu ya makompyuta m'tauni, ntchito inasowa, ndinabwerera kwathu kumtunda kwa Nsipe. Kabungwe kena kanandipatsa ganyu yoti ndithandize kachipatala ka m'dera lathu kuitana ambulansi mosavuta. Ndinapanga kapulogalamu ka pa foni. Anamwino amalemba za wodwala, n'kudina batani, uthenga n'kupita ku seva, kompyuta yaikulu ya oyendetsa ambulansi, ndipo sevayo imabweza yankho.

Yankho la seva lili ngati kalata ya mu envulopu. Pamwamba pamakhala nambala, m'kati mumakhala mawu. Nambala 200 imangonena kuti uthenga wako wafika, nali yankho lako. Kaya avomera kaya akana, zimenezo zili m'kati. Izi ndinkazidziwa, mayeso ake ndinakhoza. Koma ndinayesa pulogalamuyo m'chilimwe, ambulansi ikupezeka nthawi zonse, ndiye ndinalemba kamzere kamodzi kaulesi: ikabwera 200, onetsa chizindikiro chobiriwira ndi mawu oti galimoto ikubwera. Za m'kati sindinavutike nazo.

Ndinkayenda mothimbwidzika, ine wa makompyuta. Bambo anga, amene anasiya mapapo awo ku migodi ya ku Joni, ankauza aliyense kutchalitchi kuti mwana wawo amaitana magalimoto ndi chala. Bambowa ndi munthu woti ngakhale akhosomole magazi, ukawafunsa amati ali bwino. Kwathu timayankha choncho. Zoipa amazimva amene wafunsa kachiwiri.

Dzinja lili kumapeto, achemwali anga anali ku chidikiro pa kachipatala kaja, amuna awo ali ku Joni. Tsiku limenelo ine ndinali pa msika wa Nsipe, tikukweza matumba a mbatatesi mu lole, mvula ikuwaza. Dzuwa litapendeka foni inalira. Anali anamwino.

"Achimwene, chobiriwira chanu chija chinaoneka m'mawa, koma galimoto mpaka pano zii. Mwana wa achemwali anu wapingasa, ife pano sitingathe. Kodi ikubweradi?"

Ndinati ikubwera. Tangoganizani, ndinayankha choncho ndisanaone chilichonse. Ndinadula foni. Ndinathamangira mu kashopu kometera tsitsi komwe kanali ndi magetsi, ndinatsegula laputopu pa mpando wa ometedwa. Pasiwedi ndinailakwitsa kawiri. Mwini shopu atandiyang'ana kumaso anafunsa ngati ndadwala malungo.

Mayankho onse a seva pulogalamu inkawasunga mu failo, ine osaitsegula chiyambire. Ndinatsikira pansi penipeni. Nambala 200 inalipo, bwinobwino. Pansi pake panali mawu ochepa: ambulansi yatsekeredwa ndi madzi cha ku Manjawira, siibwera lero, pezani galimoto ina. Yankholo linafika mphindi yomweyo imene anamwino anadina batani. A ambulansi aja sananame ayi. Anatiuza m'mawa, kukadali nthawi, ndipo ine ndinaphimba mawu awo ndi utoto wobiriwira.

Mantha amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo. Ndinkaopa kuti achemwali afa, ndipo pansi pa mantha amenewo panali ena ochititsa manyazi, oti anthu adziwa kuti ndine.

Ndinatuluka n'kukagwada m'matope pamaso pa adalaivala a lole ija, bambo wachikulire amene sindinkamudziwa n'komwe. Mawu ankatuluka mosalongosoka. Anandiyang'ana pang'ono, kenako anauza anzawo kuti atsitse matumba.

Msewu wopita ku kachipatala unali phala lokhalokha. Lole inkatsetsereka cham'mbali, ine ndikupemphera pemphero limodzimodzi. Titafika tinapeza bambo anga ataima pakhonde, chipewa chili m'manja. Achemwali tinawagoneka pa matiresi kumbuyo, pamene panali dothi la mbatatesi, anamwino atagwira botolo la diripi m'mwamba. Milomo yawo inali itatuwa. Sankalira, ndipo chimenecho n'chimene chinandiopsa koposa. Lole ikagunda dzenje ankangofinya dzanja langa.

"Iwe, siya kunjenjemera," anatero achemwali. "Ukundiopseza."

Ndinafuna kuwauza zonse pomwepo koma ndinangowagwiritsa dzanja.

Ku chipatala chachikulu anawalowetsa msangamsanga, bambo anawatsatira mpaka pa chitseko. Ine ndinatsala panja. Ndinakumbukira kuti tizipatala tina tiwiri tinkagwiritsanso ntchito pulogalamu yomweyo. Ndinaimbira onse kuti asakhulupirire chobiriwiracho, aziimba foni. Kenako ndinakhala pa simenti yonyowa, laputopu pa maondo, ndinakonza pulogalamu ija. Tsegula yankho, werenga za m'kati, ngati akana onetsa chofiira ndi mawu awo omwe. Mizere itatu basi. Mizere itatu, ine chitsiru, yosatenga ndi nthawi yowiritsa tiyi yomwe.

Mvula itakata bambo anatuluka. Ankayenda pang'onopang'ono, akupuma mwa phokoso monga mwa masiku onse. Ndinaimirira.

"Ali bwanji, bambo?"

"Ali bwino," anatero. "Awang'amba, koma ali bwino. Atsegula maso."

Ndinatsala pang'ono kukhala pansi n'kuthokoza Mulungu, nkhani n'kuthera pomwepo. Bambo akanandilola, akanakhala nane chete mpaka wina adzandiuze. Koma ndinaona kuti chipewa sanavale, akungochipotokola m'manja. Sindinkafuna kufunsa. Ndinafunsa.

"Nanga mwana?"

Bambo anayang'ana lole ija, imene inali ikudikirabe pa geti ndi matiresi athu kumbuyo. Anakhosomola nthawi yaitali.

"Anali wamwamuna," anatero.