Ndinakwirira Moto ndi Dothi Loyaka

Inu owerenga, ndikulemba izi mtima ukuwawa, ndipo sindibisa kuti pali munthu amene sindikufuna kumuonanso. Koma cholakwa choyamba ndi changa. Ndinayatsa moto m'nkhalango ya boma kumapiri a ku Wales, ndipo lero ntchito yanga ya unamwino ili pachiswe.

Ndimagwira ntchito pachipatala china ku Dudley, kuno ku Ulaya. Chilolezo chokhalira kuno, changa, cha bambo a kunyumba ndi cha mwana wathu Tadala, chinamangirira pa ntchito imeneyo. Chilimwe chathachi kunatentha masabata angapo mvula osagwa. Alamu anga a ku Coventry, achimwene awo a amuna anga, anabwera ndi nzeru yoti mabanja awirife tikagone kuphiri m'matenti. Malo olipira okhala ndi zimbudzi ndi woyang'anira anawakana, ati n'za anthu amantha, iwo ankafuna mkati mwenimweni mwa nkhalango. Munthuyu ali ndi madigiri awiri ndipo sachedwa kukukumbutsani. Nditafunsa ngati zinali zololedwa, anandiseka pamaso pa ana.

"Alamu, forest ya government ndi yathu tonse, timalipira tax. Inu mungopanga relax basi."

Ndinangovomera, poti ndinaleredwa kuti akuchimuna sutsutsana nawo pagulu.

Tinasiya magalimoto m'mbali mwa kamsewu, n'kukwera wapansi mpaka pakati pa mitengo ya paini. Ndivomereze kuti kunali kokongola, kamphepo kake ngati ka pa Dedza. Kutacha ndinapeza ana a alamu atamwaza mapepala a mabisiketi ndi mbale zamapepala paliponse, mayi awo ali phee pa foni. Manyazi anandigwira, ndikuganiza kuti azungu akadutsa pano adzati Amalawi ndi auve. Ndinathyola nthambi, n'kusesa ngati pabwalo la kwathu ku Ntcheu, n'kuunjika zinyalalazo pamodzi ndi masamba ouma a paini, kenako ndinayatsa. Alamu anali pomwepo akundijambula, akufa nazo kuseka kuti nesi wa ku Ulaya sanaiwale kumudzi. Malawi atazilala ndinakwirira ndi dothi n'kupondaponda, monga ndachitira kuyambira ndili mtsikana. Madzi sindinathire chifukwa anangotsala akumwa ana.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti dothi lakuda la m'mapiri amenewo si dothi ngati lathu. Ndi udzu ndi ndere zimene zinawolerana kalekale, ndipo likauma limanyeka pansipansi osaonetsa lawi. Kunena zoona, ndinakwirira moto ndi nkhuni. Patapita masiku awiri unatulukira, ife tili kale kunyumba. Unapsereza mbali yaikulu ya phiri, ndipo nkhosa za mlimi wina wa kumunsi zinafera momwemo.

Apolisi sanavutike kundipeza. Alamu anali ataika kanema uja pa intaneti, nkhope yanga ili mbee, dzina la phiri atalemba pansi pake kuti anzawo awatame. Koma atafunsidwa, munthu wamkulu, wovala tayi kutchalitchi, anauza apolisi kuti anandiletsa kuyatsa koma ine ndinachita makani. M'kanema momwemo mukumveka kuseka kwawo. Ndimadana nalo bodza limenelo kuposa china chilichonse pa nkhaniyi. Amuna anga akungoti ndiziiwale, m'bale ndi m'bale. Akazi awo a alamu, amene ndinkasesa uve wa ana awo, ndi amene akufalitsa kwa amayi a kwaya kuti ndimadzionetsa ukhondo.

Khoti linandipeza wolakwa pa mlandu wowononga nkhalango mosasamala. Namwino akapezeka ndi mlandu amayenera kukadzinena yekha ku bungwe loyang'anira anamwino, ndipo ndinatero misozi ili m'maso. Panopa andiimitsa kaye ku wodi. Mwezi wamawa akhala pansi kuti aone ngati ndipitirize ntchito, ndipo akakana, tonse atatu tilongedza.

Dzulo tili mu basi ndinamuuza Tadala kuti asade nkhawa, Mulungu alipo. Anandiyang'ana nati, "Mum, are we being sent back because you were cleaning?"

Inu owerenga, makamaka anzanga amene muli kunja kuno, safunsa anadya phula. Musanamange tenti m'nkhalango funsani eni ake, osati m'bale wodziwa zonse. Zinyalala nyamulani m'thumba mukatayire kwanu, ndipo kuphiri musayatse moto ngakhale wochepa bwanji. Ulemu wa kuchimuna usakutsekeni pakamwa monga unanditsekera ine, chifukwa pa tsiku la mlandu mudzaima nokha. Alamu anga sabata yatha anali ku Scotland ndi tenti yatsopano, zithunzi ali kutumiza pa gulu la banja la pa foni. Ine yunifolomu yanga ili pa hang'ala kuseri kwa chitseko, yosita bwinobwino, ndipo sindikudziwa ngati ndidzaivalanso.