Anatenga makina anga ndisanafe

Chifuwa chinandiyamba mu Januwale, mvula ili pakati. Ndinkati ndi fumbi la nsalu, poti ndine telala ndipo ndasoka pakhonde langa ku Mbamba Bay, kutsidya kwa nyanja, zaka zambiri chichokereni ku Nkhotakota. Ndinamwa mandimu ndi uchi kwa miyezi iwiri. Pofika Malichi ndinkadzuka chovala chili chonyowa ndi thukuta, masiketi onse akundivuka, ndipo Lachitatu lina ndinalavula magazi pa nsalu ya kasitomala.

Kuchipatala anayeza makhololo nandijambula pachifuwa. Dokotala anati ndi chifuwa chachikulu, ndipo popeza ndinali nditafooka kwambiri anandigoneka. Moyo wa m'wodi unali umodzimodzi tsiku lililonse: mapiritsi m'mawa tisanadye, nesi ataima mpaka timeze, kenako uji, phala la kuno, kenako kudikira. Lolemba tinkakwera sikelo. Mkodzo unafiira, ndinachita mantha, koma nesi anati, "Usiogope dada, ndi dawa zimenezo," kutanthauza kuti usaope mchemwali, ndi mankhwala.

Sabata yachiwiri mnansi wanga anabwera kudzandiona ndi nkhani. Alamu anga a Esinati, achemwali a malemu amuna anga, anali atatenga makina anga osokera, ati akundisungira. Kumsika ankauza anthu kuti sindibwerako, ndipo anali atalandira kale nsalu za yunifomu ya kwaya yomwe ndinkayenera kusoka ine. Makina amenewo ndinagula ndekha. Ndiwo amandidyetsa. Ndinalira, osati chifukwa cha chisoni ayi, koma ukali wosowa potulukira.

Pabedi loyandikana nane panali mphunzitsi wa ku Ngumbo, mayi wosalankhulalankhula, amene ankakhalira kudina foni. Ataona kuti ndikungotukwana khoma, anandibwereka foniyo. Munali gemu. Umayendetsa munthu wonyamula lupanga, kulowa naye m'mapanga, kupha zilombo. Chilombo chikafa chimagwetsa katundu: nsapato, mphete, chishango. Zambiri ndi zachabechabe, koma mwa apo ndi apo chimagwa chowala ngati golide, ndipo mtima umagunda. Ukavala chimenecho umapita kukapha chilombo chachikulu chomwe chinakugonjetsa dzulo.

Ine mayi wamkulu, wa Chigwirizano kutchalitchi, ndinakodwa. Kukoma kwake n'koti sudziwa chimene chigwe, ndiye umati ndiphe chimodzi chokha, mpaka batire kutha. Komanso m'wodi muja zonse ankandichitira ena, pomwe m'gemumo ndinali ndi manja. Ndivomere tchimo langa: chilombo chilichonse ndinkachitcha Esinati. Ndinawapha kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ankagwetsa zanga.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi lamulo lina la gemuyo. Ukafa, katundu wako amatsala pamene wagwera, zilombo zitamuzungulira. Umadzuka wopanda kanthu, n'kuyenda ulendo wonse kukamutenga. Tsiku limene ndinamvetsa zimenezi ndinamaliza mbale yonse ya maharage, ngakhale ankandinyansa. Lolemba lotsatira sikelo inakwera pang'ono.

Ndikulongedza kuti nditulutsidwe, patatha milungu isanu, ndinapeza kanthu kolimba pamfundo ya chitenje changa chakale. Kanali kachitsulo kosunga bobini ya ulusi wapansi, komwe popanda iko makina sasoka. Atelala a pakhonde timakachotsa tikaweruka kuti odutsa asaseweretse makina, ndipo tsiku lopita kuchipatala dzanja linachita lokha mwachizolowezi. Makina anga ndi akalekale, ka m'sitolo sikalowa. Ndinaseka mpaka kutsokomola, nesi anabwera akuthamanga. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Sindinafulumire. Ndinakhala kwa mnansi wanga milungu itatu, kumwa mankhwala, kuyesa miyendo, lero mpaka pachitsime, mawa mpaka kudoko. Ndinamva kuti a kwaya analanda nsalu zawo zosasokedwa, atawanena a Esinati mawu osayenera anthu oimba m'tchalitchi. Sindinawamvere chisoni ngakhale pang'ono.

Loweruka lina masana, msika utadzaza, ndinafika pakhomo pa a Esinati. Makina anali pakona, atafunditsidwa chiguduli. Iwo anayamba zoti ankandipempherera, ndiponso zoti makinawo ndi owonongeka kale. Ndinamasula mfundo, n'kulowetsa kachitsulo kaja, n'kusoka mzere umodzi pa chiguduli chomwecho iwo akuona.

"Alamu, munawasenza nokha pobwera nawo kuno," ndinatero. "Muwasenzanso. Adokotala andiletsa zolemera."

Anafuna kudzera njira ya kuseri. Ndinati miyendo yanga ikudziwa ya kumsika yokha. Ndinayenda pambuyo pawo pang'onopang'ono, ndikupatsa moni aliyense amene anauzidwa kuti ndafa.

Mankhwala ndinamaliza mu Seputembala, osadumpha tsiku, ndipo makhololo anapezeka oyera. Lero ndikusoka, thupi labwerera, kupuma kokha kumandivuta pokwera phiri. Gemu ija ndinaika pafoni yanga, ngakhale zilombo zake zilibenso dzina.

Inu amene mukutsokomola kupitirira milungu iwiri, siyani mandimu, pitani mukayezetse. Chifuwa chachikulu chimachira. Ine ndinachedwa mpaka anthu anayamba kugawana zanga ndikupumabe.