Chipinda Chaphokoso ku Vilankulo

Amuna anga anamwalira mvula ikutha, chimanga chitayamba kuuma m'munda. Anali purofesola, ndiye kuti mphunzitsi, pasukulu ina ya ana aang'ono kunja kwa Ulongwe, ndipo anali atangopuma kumene pantchito. Anagwa m'mawa akumanga zingwe za nsapato. Pofika nawo kuchipatala n'kuti atapita kale. Anthu anabwera, anaimba, tinaika maliro, anabalalika. Ine ndinatsala ndekha m'nyumba. Ndinkadzuka, kusesa, kuphika, kudya. Sindinganene kuti ndinkalira. Misozi inatha sabata la maliro lomwelo, ndipo pambuyo pake m'kati mwanga munangochita dzanzi, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Tulo nato tinathawa. Ndinkangogona maso ali gwa mpaka tambala.

Tinabereka ana awiri. Wamkulu ndi wamwamuna, amagula kachewere ku Domwe n'kumagulitsa kwa a malole pa Kalomwe. Wamng'ono ndi wamkazi, namwino ku Beira. Uthenga wa maliro unamupeza ali pantchito, ndipo pofika kuno anapeza titaika kale. Anangoona mulu wa dothi ndi nkhata zofota.

Nthawi yozizira itafika, mwana wamkaziyo anatenga feriya, tchuthi cha kuntchito, n'kubweranso. Tinali pakhonde kuothera dzuwa la m'mawa, aliyense atafunda nsalu ziwiri, pamene anaiyamba nkhaniyo.

"Amayi, ndabwera kudzakutengani. Tipite kunyanja yamchere, ku Vilankulo. Mukapumeko."

"Ndikapume chiyani? Palibe chimene ndikugwira."

"Mukangoonako kwina basi. Onani apa."

Anandiikira foni m'manja. Anali atapeza malo awiri ogona, onse m'mphepete mwa madzi. Oyamba anali hotela yaikulu, ya makoma oyera, mabedi otambalala, dziwe losambiramo ndi mipando yogoneka pansi pa migwalangwa. Achiwiri anali kanyumba ka alendo ka mayi wina, zipinda zochepa zofolera ndi udzu, bafa la panja, chingwe choyanikira zovala chikuonekera pakona pa chithunzi. Anati ndisankhe. Iye mtima wake unali pa hotela yaikuluyo, ndinaona mmene chala chake chinkabwerera pazithunzi zake.

Madzulo ake mchimwene wake anafika panjinga yamoto, fumbi lili mbuu kumaso. Atamva mtengo wa hotelayo anaseka pang'ono.

"Iwe, usiku umodzi pamenepo ndi feteleza wa munda wonse wa amayi. Tulo ndi tulo. Kagoneni potchipapo."

"Achimwene, ndalama ndi zanga. Sindinakupempheni metikali ngakhale imodzi."

"Si za ndalama zokha. Anthu ati chiyani? Chaka sichinathe chiikire maliro, amayi ali pahotela ya azungu."

"Anthuwo ndi amene amagona nawo m'nyumba muno?"

Anakangana mpaka tiyi anazizira. Kenako onse awiri anatembenukira kwa ine. Ndinayang'ananso zithunzizo. Uku madzi obiriwira, ukunso madzi obiriwira. Ndinafufuza mumtima kuti ndipeze kumene ukukokera, koma sindinapezemo kanthu.

"Kulikonse," ndinatero.

"Amayi, kulikonse si yankho," anatero wamkaziyo.

"Ndilo ndili nalo."

Pamapeto pake anati sasungitsa malo. Sinali nyengo ya alendo ambiri, ndiye tikaona ndi maso tikakafika, ine n'kukasankha komweko. Mchimwene wake anangokweza mapewa n'kukaliza njinga yake.

Tinakwera chapa, minibasi ya ku Tete, m'mawa kukuzizira, mpweya ukutuluka ngati utsi m'kamwa. Potsika mapiri ndinayamba kuvula juzi, kenako mpango. Kuchokera ku Tete tinakwera basi yaikulu yolowera kummwera. Za ulendowo ndimakumbukira zochepa: milambe, ana ogulitsa malambe ndi mazira pawindo, mwana wanga akundipatsa buledi wa pawu ndi madzi, ine n'kumalandira. Ndinabadwira kumapiri, nkhondo ndinaithawira ku Dedza, kumapiri komweko, ndipo ndinali ndisanaonepo dziko lathyathyathya chotero. Ndinkaliyang'ana ngati ndikuyang'ana khoma.

Ku Vilankulo tinafika masana a tsiku lotsatira, kukutentha, mphepo ikununkha nsomba ndi mchere. Mwana wanga anaimitsa kanjinga ka matayala atatu n'kuuza woyendetsa kuti tiyambire ku hotela yaikulu ija. Pachipata mlonda anatiyang'ana ife, anayang'ana thumba langa la saka, kenako anatsegula. M'kati mtsikana wovala zoyera anatipatsa tinsalu tozizira topukutira kumaso ndi madzi a zipatso. Mwana wanga analankhula naye Chipwitikizi chake cha ku Beira, chothamanga, ndipo mtsikanayo anatenga kiyi kuti akationetse chipinda.

Chinali chachikulu kuposa balaza lathu. Bedi loyera, maluwa patebulo, mipando iwiri yoyang'ana kunyanja. Chitseko chagalasi chinali chotsegula, ndipo mafunde ankamveka. Mtsikanayo anachitseka kuti atiyatsire makina oziziritsa. Atangotseka, zonse zinati zii. Mafunde ankaonekabe akuyenda kuseri kwa galasi, koma opanda mawu. Ndinaima pakati pa chipindacho, thumba lili m'manja. Bata limenelo ndinalidziwa. Linali lomwe lija la m'nyumba mwanga anthu atabalalika.

"Mwaona, amayi? Mungagone bwino muno," anatero mwana wanga.

"Tikaonenso kwinako."

Nkhope yake inagwa, koma sanatsutse.

Kanyumba ka alendo kaja kanali kumapeto kwa kamsewu ka mchenga, pafupi ndi pamene asodzi amakocheza mabwato. Mwini wake anali mayi wonenepa, wamawu aakulu, amene anatilandira akukazinga nsomba. Chipinda chinali ndi mabedi awiri achitsulo, maneti osokedwa zigamba, ndowa ya madzi pakhomo. Windo silinkatsekeka bwino. Kuseri kwa mpanda wabango wailesi inkaimba, munthu wina ankakhoma misomali pabwato, amayi ankakangana mitengo ya nkhanu m'chilankhulo chimene sindinkachimva. Nkhuku inalowa n'kutulukanso. Ndinakhala pabedi limodzi, linalira, ndipo ndinaika thumba pansi.

"Pano," ndinatero.

Mwana wanga anatuluka. Ndinamupeza panja ataima pamchenga, atapinda manja.

"Mwamvera achimwene," anatero. "Mukuopa ndalama."

"Ayi."

"Nanga n'chiyani? Ndakhala ndikusunga ndalamazi kuyambira pa maliro. Abambo sindinawapeze, sindinawasambitse, sindinaponye ngakhale dothi. Ndimafuna ndikuchitireni inu chinthu chimodzi chooneka, ndiye mukusankha kogona nkhuku."

"Kuja kulibe phokoso," ndinamuuza. "Ndatopa ndi nyumba yopanda phokoso."

Sindikudziwa ngati anamva. Anapita kukalipira kwa mayi uja.

Ndinabwerera m'chipinda kuti ndingowongola msana. Dzuwa linali likadali pamwamba. Wokhoma misomali uja ankakhomabe, wailesi inkaimbabe, wina ankatsuka mbale pafupi ndi windo. Ndinamvetsera zonsezo, ndipo sindikudziwa pamene ndinagonera. Podzuka kunali kutacha tsiku lina, dzuwa litakwera kale. Ndinali ndi nsapato kumapazi. Mwana wanga anali atakhala pamphepete pa bedi, zala zake zili padzanja langa, akumvetsera mtima monga amachitira ndi odwala ake.

"Munandiopsa," anatero.

"Ndili moyo."

"Ndaona. Nsomba yanu yadzulo ndadya ine."

Nditatuluka ndinapeza nyanja kulibe. Madzi anali atachoka, atapita kutali, mabwato atagona chammbali pamchenga wonyowa, anthu akuyenda pamene dzulo panali mafunde. Ndinafunsa mayi uja ngati kwachitika china. Anaseka n'kunena kuti abwera madzulo, amatero masiku onse. Ndinakhala pachitsa cha mgwalangwa kuwadikira, ndipo anabweradi. Ndinkadziwa kuti ndi chinthu chodabwitsa, choti munthu wa kwathu angachisimbe chaka chonse. Ndinachiona, koma sichinandifike mumtima.

Masiku otsalawo anapita chimodzimodzi. M'mawa tinkayenda pang'ono, ndinkaviika mapazi m'madzi mwana wanga akandiuza kutero. Masana ndinkagona. Ankandifunsa kawirikawiri ngati chakudya chikukoma, ine n'kumati chikukoma.

Tsiku loti mawa tinyamuka anati tipite ku hotela ija tikamweko tiyi chabe, asabwerere osandikhazikako pamipando imeneyo. Ndinavala chitenje changa chatsopano, tinayenda m'mphepete mwa madzi mpaka kumeneko. Anatibweretsera tiyi m'timakapu topyapyala ndi keke yokhala ndi zipatso pamwamba. Mwana wanga analuma kamodzi, anaika foloko pansi, n'kuyamba kulira. Analira kwambiri, mapewa akugwedezeka, alendo a patebulo lina akuyang'ana kumbali. Ankatchula bambo ake. Ndinamugwira dzanja, ndinamusisita pamsana monga ndinkachitira ali wakhanda. Maso anga anali pa bambo wina amene ankasalaza mchenga ndi chokokolera, akupita uku n'kubwerera. Ndinkafuna nditalira naye mwana wangayo, koma sizinabwere. Atatonthola ndinamaliza tiyi wanga, ndi keke yake yomwe, kuti zisatayike.

Tinasiyana pamphambano ya Inchope, iye kulowera ku Beira, ine kumpoto. Anandikwezera thumba, anandigulira madzi, anauza kondakitala kumene ndikatsikire ngati kuti ndine mwana.

"Amayi, mwakondwako koma?"

Ndikanatha kungovomera. Koma ndi namwino, amadziwa wodwala akamanama.

"Sindikudziwa, mwanawe. Koma unachita bwino kunditenga."

Anagwedeza mutu n'kutsika, basi isanayambe kuyenda.

Kwathu ndinapeza kukuzizirabe. Lamulungu titatuluka ku Misa, amayi a mumphakati mwathu anandizungulira kuti ndiwasimbire za nyanja. Ndinawauza kuti madzi ake ndi amchere zedi, kuti amachoka m'mawa n'kubwera madzulo, kuti nkhanu za kumeneko ndi zazikulu ngati mbale. Anadikira kuti ndipitirize, koma zanga zinali zitathera pomwepo. Mmodzi anafunsa ngati ndinabweretsako nsomba zouma. Ndinati zilipo pang'ono, adzere kunyumba, ndipo tinatsika limodzi njira ya kumsika.