Feliciana ndi Dotolo wa Mbewa

Mwana wa mlongo wanga, Feliciana, anabadwa ndi makani. Ana ena amatuluka m'mimba akulira, koma iyeyu anatuluka akutsutsa. Azamba amene anamulandira kuno ku Mualadzi amati mawu ake oyamba anali ofunsa kuti madzi omusambitsawo awatenthetsa chonchi ndani. Ine sindinalipo, poti amuna salowa m'chikuta, koma ndimakhulupirira. Ali ndi mano awiri okha anakangana ndi tonde wa kwathu pa nkhani ya chitsononkho, ndipo tonde ndi amene anapepesa.

Atayamba sukulu ndinamubwereka njinga yanga kuti ayendere tsiku limodzi. Njingayo inakalamba ili m'manja mwake. Inkadziwa njira yokha, moti ngakhale mwini wake atadwala inkanyamuka m'mawa kukaima pakhomo pa kalasi. Mwanayo anaphunzira mpaka sukulu zakuno zinamuthera, anapita ku Tete, anapitirira kwina kumene ine sindidziwa kutchula. Pobwera anali purofesora wa za ulimi pa univesidade, wophunzitsa kasungidwe ka zokolola. Ine ndimamutchulabe iwe. Mtsibweni sachita mantha ndi dipoloma.

Kuntchito kwakeko anamusenzetsanso katundu amene aphunzitsi anzake onse ankamuzemba, wopezera ophunzira a chaka chomaliza malo ochitira esitajiyo. Esitajiyo ndi miyezi imene wophunzira amakakhala pakati pa alimi kuti agwire ntchito yeniyeni. Wopanda kuchita zimenezi salandira dipoloma, ndipo ntchito ya ulangizi amangoiona kwa anzake. Feliciana anaganiza za kwawo. Anapempha gulu la alimi a kuno, limene mtsogoleri wake ndi amai Florência, mzimayi wa mtima wabwino koma woumira ndi chiseko. Amaseka kamodzi pachaka, pa Khirisimasi, ndipo chaka chikavuta amadumphitsa. Iwo anavomera kuti ayambe alandira mmodzi, akaona kuti ndi wothandiza adzalandire ambiri.

Feliciana anatumiza amene ankapambana onse m'kalasi, mnyamata wa ku Quelimane dzina lake Valdemar. Ndi wamtali moti akayetsemula, a kumalire ku Cassacatiza amayamba kuanula zovala. Chipwitikizi chake chinali chosalala ngati mafuta, koma Chinyanja anachitolera m'minibasi ya shapa pobwera kuno, kwa munthu amene anakhala naye mpando umodzi.

Inali nyengo yokolola. Anthu anasiya mikukwe m'minda nadzakhala pansi pa mango kuseri kwa tchalitchi kuti amve wophunzirayo. Valdemar anaimirira, anapereka moni bwinobwino, kenako anati:

"Azimayi ndi azibambo, chaka chino musadye mbewa zonse. Sankhani mbewa zonenepa, zopanda matenda, muziyanike padzuwa ziume gwa, muzisunge m'nkhokwe. Mvula ikagwa mudzazidzale, ziwiriziwiri pa phando."

Ankafuna kunena kuti mbewu. Tsoka lake n'lakuti kuno mbewa ndi ndiwo, ndipo nyengo yake inali itangoyamba, choncho mawu akewo anamveka bwino kwambiri kuposa mmene iye ankafunira. Ndiye bambo wina kumbuyo anakweza dzanja mwaulemu n'kufunsa ngati podzalapo mutu uziloza kumwamba kapena mchira. Chiseko chimene chinabuka pamenepo chinayoyola mango amene anali asanabereke n'komwe. Amai Florência anaseka mpaka tinaona dzino lawo lakumbuyo limene ngakhale amuna awo anali asanalionepo. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamupatsa mnyamatayo dzina: Dotolo wa Mbewa.

Koma chiseko chitatha, amai Florência anakwiya. Anthu anali atataya tsiku lokolola, n'kubwerera kwawo opanda chimene atolapo. Anamuimbira foni Feliciana n'kumuuza kuti asatumizenso wina. Ngati ana akewo sadziwa kulankhula ndi anthu, akaphunzitse mitengo. Valdemar naye anamanga chikwama, akuti akubwerera ku Quelimane kukathandiza mkulu wake kugulitsa kokonati. Zaka zake zonse za pa univesidade zinali zitakodwa pa kachilembo kamodzi, ndipo khomo limene anzake a m'mbuyo mwake akanadzalowera linali litatsekeka.

Ine ndinamuimbira Feliciana kuti ndimuseke, poti ndi ntchito yanga. Ndinamuuza kuti ndadzala kale mizere iwiri ya mbewa, anditumizire feteleza. Sanaseke.

"Atsibweni, mwanayo sanalakwe," anatero. "Olakwa ndife. Tamudzaza mutu zaka zonsezi, koma palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anamuimikapo pamaso pa mlimi kuti atsegule pakamwa. Mumugwire asachoke. M'bisireni nsapato ngati kungafunike."

Nsapato za Valdemar ndi zazikulu ngati mabwato, sizibisika, ndiye ndinangomuuza kuti purofesora wake akubwera ndipo wothawa adzamulondola mpaka kunyanja. Anamasula chikwama.

Feliciana anayamba ndi aphunzitsi anzake. Pamsonkhano wawo anapempha chinthu chimodzi: kuti aliyense, pa phunziro lililonse limene amaphunzitsa, apatule nthawi yoti wophunzira afotokozere mlimi zimene waphunzirazo, m'chiyankhulo cha mlimiyo. Anawauza kuti ana amenewa sadzalembedwa ntchito yolemba mayeso, adzalembedwa ntchito yolankhula ndi anthu ogwira khasu. Amene anatsogolera kukana anali Dotolo Armando, mkulu wophunzitsa za tizilombo toononga zokolola, munthu womanga tayi ngakhale m'kutentha kwa ku Tete kumene nkhuku zimaikira mazira owiritsa kale. Iwo anati univesidade si malo ophunzitsira ziyankhulo za kumudzi, ndipo maphunziro ndi odzaza kale, palibe pofinyikira china. Ena onse anagwedezera mitu kumbali yawo.

Anthu amenewo sankamudziwa mwana wa mlongo wanga. Sanakweze mawu, anangoyamba kupezeka. Dotolo Armando akamatuluka m'kalasi, Feliciana ali pakhomo. Akamakwera galimoto, Feliciana ali pawindo. Ndinamva kuti tsiku lina atatsegula firiji kunyumba kwawo kuti amwe madzi, anamupeza atakhala m'katimo pafupi ndi matimati, akufunsa ngati aganizapo bwino. Pempho lake anali atalichepetsa: asavomere kanthu, angobwera kamodzi kokha ku Mualadzi adzaone ndi maso. Mkuluyo anavomera kuti apeze mtendere.

Kunatsala amai Florência. Kwa iwowa Feliciana sanapite ndi Chipwitikizi. Anavula nsapato zakutauni, anamanga chitenje, n'kukawapeza kumunda akusenda chimanga. Anakhala pansi n'kuyamba kusenda nawo osanena chimene wadzera. Tsiku linalo anabweranso. Amai Florência ataona kuti mwanayu atha kusenda munda wonse n'kuyambanso wa oyandikana nawo, anamufunsa kuti akufuna chiyani kwenikweni. Atamva, anati mnyamatayo aimenso kamodzi. Anthu akakaseka n'kubwerera opanda kanthu ngati poyamba, nkhani yathera pomwepo, ndipo asadzabwerenso kudzawasendera chimanga.

Ndiye Feliciana anandipatsa ine ntchito. Anamukhazika Valdemar pakhonde panga, nati ine ndikhale mlimi wovuta, ndizimufunsa chilichonse chopusa chimene chingandibwerere m'mutu. Ntchito imeneyi ndinabadwa nayo. Mnyamatayo ankafuna kuti akalankhule za manyowa, kapena chilichonse chotalikirana ndi mawu amene anamugwetsa aja. Feliciana anakana. Anati dzina limene mudzi wakupatsa sulithawa, umalivala. Popeza amutcha Dotolo wa Mbewa, akaphunzitse za mbewa zomwezo, ndipo zonse zofunika anaziphunzira kale m'kalasi mwa Dotolo Armando.

Pakhonde pomwepo m'pamene Valdemar anatulukira kuti nyama zonse zimene kwawo m'Chipwitikizi amangozitcha rato, kuno timazigawa. Khoswe ndi wakunyumba, wakuba, ndipo sadyedwa. Mbewa ndi yakutchire, imakumbidwa ndipo imalemekezedwa ndi mchere. Anabwereza mawu atatu aja, mbewu, mbewa, khoswe, mpaka nkhuku zanga zinawaloweza. Tambala wanga mpaka lero salira bwino, m'mawa amangoti mbewu.

Tsiku litakwana kunabwera anthu ochuluka kuposa poyamba, ambiri odzaseka. Dotolo Armando anafika ndi tayi yawo, fumbi la msewu litawasandutsa wofiira, ndipo anawapatsa mpando kutsogolo. Valdemar anaimirira. Kudzanja lamanja anagwira chimanga, kulamanzere mpani wa mbewa zouma.

"Ndine uja, Dotolo wa Mbewa," anatero. Anadikira kuti anthu amalize kuseka, n'kukweza chimanga chija. "Iyi ndi mbewu, musunge." Anakweza mpani. "Izi ndi mbewa, idyani zonse. Mundisiyireko imodzi."

Anthu anasekanso, koma kasekedwe kake kanali kena. Kuchokera pamenepo anafotokoza kasankhidwe ka chimanga cha mbewu, kuti njere zabwino ndi za pakati pa chitsononkho, ndi mmene munthu angadziwire kuti zauma poziluma ndi mano. Chinyanja chake chinkatsimphina, koma chinkafika kumene chikupita. Amai Florência anamusiya alankhule, kenako anamutchera msampha.

"Nanga a Dotolo, mbewa zimene zikunditherera chimanga m'nkhokwe ndizitani?"

Ndinaona Feliciana atagwira chitenje chake zolimba.

"Amai, m'nkhokwe mwanu mulibe mbewa," anayankha Valdemar. "Mbewa zili kumunda, zimafukula zimene mwadzala. M'nkhokwe muli makoswe. Amenewo ndiwo ndabwerera."

Anawafotokozera kuti khoswe amakwera ndi mphanda zimene nkhokwe yakhalapo, ndipo ukadula lata n'kuliveka pa mphanda iliyonse ngati chipewa chozondoka, amaterereka n'kugwa. Anati nthambi yogunda denga la nkhokwe ndi mlatho wa khoswe, ndipo udzu wa pansi pake ndi nyumba yake. Panalibenso woseka. Amuna anayamba kukangana za kumene angapeze malata akale.

Mayi wina anafunsa za anankafumbwe, chifukwa chake amayamba chimanga chikadali kumunda. Yankho Valdemar ankalidziwa, tinaliona likuzungulira m'maso mwake, koma mawu a Chinyanja anamuthera. Anayamba, anaima, anayambanso. Tisanadziwe n'komwe, Dotolo Armando anali ataimirira. Nkhani ya anankafumbwe ndi imene akhala akuiphunzira moyo wawo wonse, ndipo sakanatha kuiona ikufera m'kamwa mwa wophunzira wawo. Anaiyankha m'Chinyanja chenicheni, chakuya, chonunkhira utsi, chimene chinakhala chitamangidwa ndi tayi kwa zaka zambiri. Gogo wina anawayang'anitsitsa n'kufunsa mnzake mokweza ngati ameneyu si mwana wa a Lonjezani a ku Nsadzo, uja ankaba nzimbe. Anali yemweyo. Dotolo Armando anaseka, anamasula tayi n'kuiika m'thumba, ndipo anapitiriza kuyankha mafunso limodzi ndi Valdemar, wina akasowa mawu wina n'kumuponyera, mpaka mthunzi wa mango unasamuka.

Anthu akubalalika, amai Florência anamuitana Valdemar n'kumuuza kuti mawa abwere ndi lata ayambire nkhokwe yawo. Kenako anatembenukira kwa Feliciana.

"Chaka chamawa ubweretse ena. Koma ubweretse okhala ndi pakamwa."

Feliciana anagwada n'kuwomba m'manja ngati mwana wabwino, ngati si iye amene anawazinga kumunda kuja.

Dotolo Armando asanakwere galimoto anamukokera Feliciana pambali. Ine ndinali pafupi, ndikuyang'ana tayala mwachidwi, ndipo ndinamva akumufunsa kuti zimenezi angazikonze bwanji m'kalasi mwawo, popeza ophunzira awo ndi ambiri ndipo ena ndi Asena, ena Anyungwe, ena Achuwabo. Feliciana anati aliyense ayambe ndi chiyankhulo cha kumene akufuna kukagwira ntchito, ndipo alimi oti amvetsere adzawapeza iye. Tsopano m'phunziro la Dotolo Armando palibe amene amakhoza asanaime pamaso pa mlimi n'kumufotokozera kachilombo kamodzi mpaka mlimiyo atavomera kuti wamva. Aphunzitsi ena atsatira, wa za nthaka ndi wa za ziweto. Nthawi zina amanditumizira ophunzira awo pakhonde pano kuti ndiwavutitse, ndipo sindinawakhumudwitsepo.

Valdemar anamaliza esitajiyo yake ndipo analandira dipoloma. Lero ndi mlangizi ku Nsadzo, amayenda pa njinga mawondo akugunda makutu. Dzina lija linamutsatira, ndipo akafika pamudzi watsopano amadzitchula yekha anthu asanamufunse. Makoswe a dera lonselo akuti akusamukira ku Zambia, ena anawaona pamzere ku Cassacatiza.

Feliciana sanapume. Akuti patsala mphunzitsi mmodzi, wa masamu, amene wanenetsa kuti manambala alibe Chinyanja ndipo iye sadzaponda kumudzi. Mwana wa mlongo wanga wayamba kale kupezeka pakhomo pa kalasi yake. Bambo ameneyo sindimudziwa, koma wina amene amamudziwa amuuze kuti asanatsegule firiji azigogoda kaye.