Nthungululu imene ndinameza

Kwathu munthu akavina bwino timamuuza pompo. Ku London kuno ayi. Amadikira atope, aime, awerame, ndiye n'kumuwombera m'manja mosamala ngati akuwopa kudzutsa khanda. Lamulo limeneli ine palibe anandiuza.

Pamene mwana wanga wamkazi anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mayi wina amene ndinkamusamalira kunyumba ya okalamba ku Romford anatipatsa matikiti a gule wa balei, uja amavina monyang'ama pa nsonga za zala. Tinakwera sitima mpaka m'kati mwa mzinda. M'holomo anthu anangokhala duu, nkhope zapamaliro. Pabwalo panatulukira mtsikana wowonda, atavala kasiketi kolimba ngati lichero, ndipo ndinamumvera chisoni poganiza kuti sadya. Kenaka anaima ndi mwendo umodzi n'kuyamba kuzungulira. Anazungulira, anazungulira, osadzandira ngakhale pang'ono. Ine nthungululu inangotuluka yokha, yaitali ija yapaukwati.

Mitu yonse inatembenuka. Bambo wina wa tochi anabwera kudzandifunsa monong'ona ngati ndadwala. Mwana wanga anabisa nkhope m'jekete mpaka guleyo anatha.

Koma gule ameneyo anamulowa m'magazi. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkamuperekeza kokaphunzira balei ku Ilford Loweruka lililonse, ndikusokera maliboni pa nsapato zake ndi kumanga zala zake zosupuka. Azimayi anzanga akutchalitchi ankangondifunsa kuti kasiketi kaja kadzakula liti.

Chaka chatha aphunzitsi ake anamusankha kuti avine yekha pabwalo. Tsikulo masana, tili m'basi, mwana wanga anandigwira mkono. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi chothamanga.

"Mum, chonde, lero phokoso lija ayi. Anzanga adzandiseka mpaka kumaliza sukulu."

"Ndamva."

"Lumbirani."

Ndinalumbira. Ndisaname, zinandipweteka. Munthu kubereka, kulera, kenaka n'kusanduka phokoso lija!

Ndinakhala kumbuyo pakati pa makolo ena, aliyense atapinda manja ngati akudikira dokotala. Nyimbo itayamba, anatulukira. Sindinamuzindikire msanga. Mwana yemwe amalephera kutola sokosi pansi uja ankayenda ngati alibe mafupa. Anadumpha, n'kutera popanda phokoso. Atayamba kuzungulira ndi mwendo umodzi, ndinamva nthungululu ikukwera kuchokera m'mimba. Ndinaluma mpango wanga mpaka nsagwada kuwawa, n'kuimeza yonse. Pomaliza ndinawomba m'manja kangapo, pang'onopang'ono. Mzimayi woyandikana nane anandimwetulira, kuti eya, waphunzira.

Ndinatuluka ndikudzitama ndithu. Mwana wanga ndinamupeza m'khonde atakhala pansi, akumasula maliboni, osakweza mutu.

"Mum, ndinalakwitsa pati?"

"Kulakwitsa? Iwe mwana, sunalakwitse paliponse."

"Musandinamize. Pozungulira paja ndimamvetsera. Sindinakumveni."

"Si iwe unandilumbiritsa?"

"Inde. Koma ndimadziwa kuti ndikavina bwino zenizeni, simungathe kudzigwira."

Ndinatsegula pakamwa m'khonde momwemo kuti ndimupatse nthungululu yake, ngakhale mochedwa. Chimene chinatuluka chinali kulira. Makolo ena aja anatidutsa mwaulemu, aliyense akuyang'ana nsapato zake.